Chiza Mtonga ndi Mawu a ku Lusaka Amene Mayi Awo Anabisa

Tsiku limene malemu a Chiza Mtonga anabadwa, Lachisanu pa 9 Malichi 1990, mayi awo anali atasesa kale pabwalo, atatunga madzi kawiri kuchitsime, atatsuka mbale za dzulo, atakonola chimanga theka la mtondo, n'kupita kumunda kukathyola ndiwo. Mimba inayamba kuwawa ali chiweramire kuzula udzu mu mzere wa mtedza. Anaumaliza mzerewo, popeza unali utatsala pang'ono, kenako anakwera ngolo. Dzuwa lisanalowe mwana anali atalira kukiliniki ya kwathu kuno, wamwamuna, wa makilo atatu ndi pang'ono, wopanda chilema chilichonse.

Abusa, akulu a mpingo, amayi a Umanyano, a kwa Mtonga, a kwa Ngwira, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe muno mwa Kabindula, kwa Kapichila: wowerenga mbiriyi ndi a Haswell Ngwira, amalume a malemu. Wolemba ndi mlongo wawo Linah, NyaNgwira, mayi a malemu. Tikudziwa kuti mwana wa zaka zisanu ndi zitatu samuwerengera mbiri kawirikawiri. Koma mawu amene akuyenda pasiwa pano kuyambira Lachiwiri tawamva. Akuti NyaNgwira anapha mwana ndi madzi ozizira, ndipo mawa akulu akakhala pansi awabweze kwawo, mwana wamng'ono Olipa atsale, popeza ng'ombe zinaperekedwa ndipo ana ndi a kuchimuna. Pabwalo la mawa mkazi sayankhula. Ndiye pirirani, mumve lero.

Malemu anali mwana woyamba wa a Kenan Mtonga, amene amalondera nyama ku Lukusuzi ndipo amatha masabata atatu ali m'tchire, ndi NyaNgwira, amene anasiyira sukulu mu giredi 8 pamene yunifolomu inakana kumanga m'chiuno. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba a Chiza anali mwana monga ana onse. Ankayamwa mpaka kugona bere lili m'kamwa, ankaseka akaona nkhuku. Mu Seputembala 1990 anatentha thupi, ndipo masana ake dzanja lamanja linayamba kugwedezeka lokha, kenako mwendo, kenako thupi lonse, maso atatembenuka. Sizinaleke mpaka anafika kukiliniki, kumene a Esau, amene amaona odwala kumeneko, anawabaya jakisoni. A Esau anati, "Ni malungo chabe, amama. Ana ambili amachita so, akakulako amaleka." Ananena zoona za ana ambiri. A Chiza sanali m'gulu la ambiriwo.

Mu 1991 zinabwera kasanu ndi kamodzi. Mu 1992 zinasiya kudikira malungo. Lero mbali yamanja, sabata yamawa yamanzere, tsiku lina kungodzidzimuka mapewa ngati wina wawakuwira kumbuyo, kapu n'kugwa. Apa ndi pamene anthu anayamba kutchula dzina lake poyera, khunyu, vizilisi monga tinenera kuno. Malemu anayenda mochedwa, ndipo ankayenda chotangadza, akudzandira ngati munthu amene wangotsika m'ngolo. Anayamba kumwa fenobabitoni, timapiritsi tating'ono tija, ndipo anapitanso kwa asing'anga atatu. Amene anasambitsa thupi dzulo aona mphini pamsana ndi pachifuwa. Palibe amene anatema mphinizo mwa nkhanza, onse ankafuna mwana achire.

A Esau ndi amene anati mayi agule kabuku ka sukulu, azilemba tsiku lililonse limene mwana wagwa, ndi chimene chinachitika asanagwe. Chaka chisanathe kabukuko kanayamba kunena chinthu chimodzimodzi. Mu Juni ndi Julayi, anthu akamadandaula mphepo, a Chiza ankagwa kawiri kapena katatu pa mwezi. Mu Okutobala, khumi ndi kanayi. Akasamba madzi ofunda, asanavale n'komwe, pansi. Akakhala pafupi ndi moto, pansi. Akawafunditsa bulangeti thupi litatentha, ndiye kugwa kuja kwautali kosafuna kuleka. NyaNgwira anasiya kutereka madzi osamba. Mwana akatentha thupi ankamuvula, n'kumupukuta ndi nsalu yonyowa. Masana a chilimwe ankamukhazika m'beseni pansi pa mango.

Mudzi sunazilandire. Amayi kuchitsime ankati, "NyaNgwira, kodi munabala mwana kapena bakha?" Iwo ankangoti, "Bakha yemweyo, bola akupuma," n'kusenza ndowa. Agogo a malemu, a Faides, NyaZimba, amene ankawakonda a Chiza kuposa zidzukulu zonse ndipo ankawabisira nthochi m'chitenje, ankapsa mtima zenizeni. "Mkamwana, ine ndalela ana seveni na moto uyu. Wodwala amafunda. Imwe mwana wa munthu mumuthila madzi a achule?" Mawu a mkamwana wa giredi 8 sakanalemera kuposa ana asanu ndi awiri amoyo. NyaNgwira sanalimbane nawo. Ankangodikira agogo atuluke, n'kuchotsa bulangeti.

Mu 1993 anawasinthira mankhwala, n'kuwapatsa mapiritsi oyera okulirapo, amene tikumva kuti athandiza anthu ambiri a khunyu. Kwa a Chiza anachita zosiyana. Mwezi umenewo anagwa ka 26, ndipo mawu atatu amene anali atayamba kunena anasowa. Mayi anawasiyitsa, n'kubwerera kwa a Esau ndi kabuku m'manja. A Esau anawerenga tsamba ndi tsamba, anavula magalasi, n'kunena kuti, "Apa pandipitilila." Analemba kalata ya ku Chipata. A ku Chipata analemba ya ku Lusaka.

Mu Meyi 1994 malemu ndi mayi awo anakwera basi ya ku Lusaka. A Kenan anali m'tchire, ndipo tchuthi anawakaniza. Kuchipatala chachikulu anawamata timawaya m'mutu, anawayesa magazi, ndipo dokotala wa ana, mayi wa imvi, anatenga kabuku kaja n'kukhala nako tsiku lathunthu. M'mawa mwake anaitana nesi woti amasulire. Mawu ake anali awa: "Mayi, mwaona bwino. Kutentha ndi mdani wa mwana uyu, ndipo mapiritsi oyera aja asadzamwenso. Koma ndikuuzeni zonse. Matenda a khunyu ali mitundu yambiri. Yambiri imamvera mankhwala, mwana n'kuphunzira, n'kukwatira. Uwu ndi mtundu wosowa, ine pa ntchito yanga yonse ndauona kawiri. Suchira. Mankhwala angachepetse kugwa koma sangakuthetse. Nzeru zake zizitsalira m'mbuyo chaka ndi chaka. Ana otere ena amafika pa ukulu, akusamalidwa ngati ana. Ena amapita akadali aang'ono, mwina pa kugwa kosalekeza, mwina ali m'tulo. Kumene mukukhala kuli malungo ndipo chipatala chili kutali. Sindingakulonjezeni zaka khumi." NyaNgwira sanalire pamenepo. Anafunsa kuti, "Nanga mawa m'mawa ndimupatse chiyani?" Dokotala analemba mankhwala ena, amadzi, ofiira, a m'botolo, ndipo analembanso zonse zimene ananena pa pepala, m'Chingerezi, n'kudinda.

M'basi yobwerera, mwana ali pamiyendo, NyaNgwira ankaganiza za mtsikana wina wa mudzi wa kutsidya, amene ambiri muno mukumukumbukira. Anali ndi khunyu la wamba, ankamwa mapiritsi, ankalima. Tsiku lina anagwera pamoto n'kupsa dzanja. Anthu anati wakhunyu akapsa ndi moto ndiye kuti basi, sachiranso. Kuyambira pamenepo palibe anapalasanso njinga kukamutengera mankhwala, ndipo mvula yotsatira sanaione. Sanaphedwe ndi moto. Anapita ndi mawu akuti sachira. Tsono atatsika pamsewu, a Kenan, amene anali atabwera kudzawachingamira, anafunsa, "Ati bwanji, anyina Chiza?" Iwo anati, "Ati azimwa mankhwala, ndipo asamatenthedwe." A Kenan anafunsanso, "Achila?" Iwo anati, "Ati azimwa mankhwala." Pepala lija analisokerera mkati mwa pilo. A Kenan, lero ndi tsiku lanu loyamba kumva zimenezi, pamaso pa anthu, ndipo akazi anu akupepesa. Simunaonetsepo mtima wotaya mwana. Koma mbuzi zoti zigulitsidwe kuti mankhwala apezeke sizinali zanu nokha, ndipo akazi anu sakanatha kuyesa mudzi wonse ndi moyo wa mwana mmodzi.

Mankhwala ofiira aja ku Lundazi kunalibe, ku Chipata kunalibe. Ankagulidwa ku Lusaka, n'kubwera ndi kondakitala wa basi amene anali m'bale wa a Eness, oyandikana nawo nyumba. Malemu anawamwa miyezi khumi ndi inayi, kuyambira Juni 1994 mpaka Julayi 1995, ndipo imeneyo ndiyo inali miyezi yawo yabwino. Kugwa kunatsika kufika katatu pa mwezi, ndipo mu Juni 1995 tsamba la kabuku linatha loyera. Mawu anabwerera, ena n'kuwonjezeka: mama, dada, gogo, maji, njinga, ndi lija ankalikonda kwambiri, yayi. Abusa akukumbukira tsiku limene anawagwira dzanja pakhomo la tchalitchi n'kuwafunsa kuti, "Chiza, uzayimba nafe lelo?" Malemu anayankha mokweza, "Yayi!" mpaka akwaya anasokonekera. Kenako khola linatha, mtengo wa botolo unakwera kawiri, ndipo kondakitala uja anamusamutsira njira ina. Anabwerera ku timapiritsi tating'ono, kugwa n'kubwerera ku khumi pa mwezi.

Moyo wa malemu unali wa pabwalo limodzi, ndipo wa mayi awo unali womwewo. Moto wophikira anauzinga ndi njerwa mpaka m'mawondo. Chitsime, dimba ndi mtsinje zinali zoletsedwa. Mayi anawasokera chipewa cha chitenje, n'kuikamo thonje, chifukwa mphumi inali itang'ambika kale kawiri. Popita kukasamba ankawamangirira nsalu m'chiuno, nsonga ina n'kuigwira kubafa. Kutchalitchi ankakhala pakhomo, kumene kumapita mphepo. Ukwati, chigayo, msika, chilichonse chimene chinkafuna kuyenda padzuwa ndi mwana, ankangomva kwa anzawo. Tsiku limodzi lokha pa mwezi ankachoka, kupalasa njinga kupita kuboma kukatenga mapiritsi, popeza kukiliniki ankatha kawirikawiri. Mu Ogasiti 1996 kunabadwa Olipa. Atafika miyezi isanu ndi umodzi, mayi ankamugwira pachipumi kangapo pa ola, kudikira kuti dzanja ligwedezeke. Silinagwedezeke. Olipa wadwalapo malungo katatu osagwa, ndipo malemu ankamutcha Lipa, n'kumamuingitsira ntchentche.

Za sukulu, malemu analowa giredi 1 mu Januwale 1997, ndipo anaphunzira masiku asanu ndi anayi, mayi awo ali pansi pa zenera panja. Tsiku lachisanu ndi chinayi anagwa m'kalasi, ana n'kuthawira pamazenera, ndipo makolo ena anati ana awo atengera matenda m'malovu. Khunyu sapatsirana. NyaNgwira apukuta malovu amenewo ndi manja zaka zisanu ndi zitatu. Koma sukulu inathera pomwepo. Za ntchito, malemu anali wosenda mtedza wa pakhomo, ngakhale kuti wambiri unkathera m'kamwa, ndipo ufa ukayanikidwa pamphasa palibe nkhuku imene inkayandikira iwo ali pomwepo ndi kamtengo kawo. Za banja palibe chonena.

Tsopano za Lachiwiri, pa 20 Okutobala 1998. Mapiritsi anali atatsala awiri. M'mawa thupi la malemu linali lofunda pang'ono. NyaNgwira anaima pakhomo njinga ili m'manja, akudziwa kuti akatsala, mawa lake mwana alibe mankhwala, ndipo kudumpha mankhwala kunkabweretsa kugwa koopsa. Akapita, amusiya akuyamba kutentha. A Kenan anali m'tchire. A Eness anali kuchipatala ndi mwana wawo. NyaNgwira anabereka Olipa, n'kusiya a Chiza kwa agogo, pamodzi ndi ndowa ya madzi ndi nsalu, n'kunena kuti, "Amama, akatentha mumupukute chabe. Nipempha, osamufunditsa." Pobwerera tayala linaphwa, ndipo gawo lalikulu la njira anayenda pansi akukankha njinga.

Cha m'ma 11 malungo anawagwira malemu mwamphamvu, akunjenjemera mpaka mano kugundana. Agogo anachita chimene anachitira ana awo onse asanu ndi awiri, ndi chimene ambiri muno mukanachita. Anawiritsa masamba a bulugamu, anakhazika mwana pafupi ndi mphika, n'kumufunditsa mabulangeti awiri kuti afukize, thukuta lituluke. Kugwa kunayambira m'mabulangetimo. NyaNgwira anafika 2 koloko itadutsa, n'kupeza anthu atadzaza pabwalo, mwana akugwedezekabe, milomo itada, thupi lili ngati chiwaya. Anataya njinga, anamuvula, anamuthira ndowa yonse, n'kuitanitsa ina. Chimenecho ndi chimene ambiri munaona, ndipo munaona zoona. Chimene simunaone ndi maola awiri amene anali atapita kale. Anamanga ng'ombe pangolo. Malemu anatsirizika m'njira, kiliniki ikuonekera, mutu uli pamiyendo ya mayi awo, mapazi ali m'manja mwa agogo awo. Agogo anangonena kamodzi, "Ananjenjemela, mkamwana. Nikanangomuyang'ana?" Kuyambira pamenepo chisoni chawatseka pakamwa, ndipo pa mawu amene akuyendawa sananenepo kanthu.

NyaNgwira sakunena kuti agogo anapha mdzukulu wawo, ndipo amene atuluke muno n'kukanena zimenezo akanama. Madzi sanaphe a Chiza, bulugamu sanaphe a Chiza. Kugwa kwautali kotere kunabwerapo kasanu ndi kawiri m'mbuyomu, kwina popanda bulangeti, ndipo tsiku lina kukanabwera kosabwerera. Dokotala anazinena zaka zinayi zapitazo. Pilo anang'ambidwa dzulo, pepala lili m'thumba la a Haswell, ndipo aphunzitsi alipo muno amene angaliwerengere akulu mawa.

Malemu asiya bambo awo a Kenan, mayi awo NyaNgwira, mlongo wawo Olipa wa zaka ziwiri, agogo awo NyaZimba, amalume, azakhali ndi asuweni mbali zonse ziwiri. Banja likuthokoza a Esau, amene sanachite manyazi kunena kuti pawapitirira. Likuthokoza a Eness, amene mu mudzi wonse uno ndi okhawo ankalola ana awo kudyera mbale imodzi ndi malemu. Likuthokoza anzawo a Kenan a ku Lukusuzi amene anayenda tsiku lathunthu kukawapeza m'tchire, adzukulu amene akumba manda pa nthaka youma chonchi, amayi a Umanyano, ndi eni ngolo. A Chiza, chiyambire kabuku kaja thupi lanu silinapumepo mwezi wathunthu kupatula umodzi. Chauta akulandireni, mugone osadzidzimuka.

Chatsala ndi mtengo wake, popeza mawa akulu adzafunsa kuti mkamwana uyu anawonongetsa zingati. Mbuzi zisanu ndi zinayi. Wailesi. Fodya wa chaka chimodzi asanapite n'komwe kumsika. Matayala a njinga khumi ndi limodzi, pa maulendo a kuboma 74. Kugwa kolembedwa m'timabuku tinayi ndi 811, kupatula kwa zaka ziwiri zoyamba. Mano awiri a malemu. Chala cha mkombaphala cha mayi awo, chimene sichipindika kuyambira 1991, pamene anali asanadziwe kuti wogwa samuika kanthu m'kamwa. Fomu yobwerera kusukulu imene anaidzaza chaka chomwecho, n'kuyatsira moto. Maliro a bambo owabala NyaNgwira, mu Novembala 1995, amene sanapiteko chifukwa kunali kotentha ndipo panalibe womusiyira mwana, mpaka lero manda sanawaone. Zaka zinayi zogona pafupi ndi mwamuna wawo akumubisira zoona.

Zonsezi zinaperekedwa, ndipo palibe amene akupempha kuti zibwezedwe. Olipa yekha sali m'gulu la zoperekedwazi. Akulu mawa mugamule mmene mungagamulire. Mukati NyaNgwira atuluke m'nyumba, atuluka, akayala mphasa m'chigafa cha fodya kuseri kwa khola, kumene angamve mwana akalira. Kwa Ngwira sapita.